Mpando wa Kachiwala

Lamlungu, 9 Malichi

Amake Kachiwala,

Ndayamba ndi moni. Mwadzuka bwanji kumeneko, inu ndi kamtsikana kathu kosakhazikikako? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda? Ine kuno ndikudzuka, ndikudya, ndikugwira ntchito. Kachifuwa kaja kakadalipo, koma n'ka fumbi chabe, musakaike kumtima.

Kalata yanu adalaivala a basi anandipatsa Lachinayi. Mwati chaka chino Kachiwala ayambe sukulu. Ine ndinaima pa depoti pomwepo n'kumawerenga zala ngati wozerezeka, chifukwa m'mutu mwangamu mwanayo akadali msinkhu uja ndinamusiya, wa zaka zitatu, akuthamangitsa anapiye atavala nsapato yanga imodzi. Lero wakwana zisanu ndi chimodzi? Koma abale!

Simukudziwa kuti kuno anandisintha ntchito. Ku makina odula matabwa anandichotsako, zifukwa zake tidzakamba pamaso. Pano ndili kumapeto kwa mzere. Fakitale yathu ikupanga timipando ta ana a sukulu, ndiye kampando kakatha kukhomedwa kamafika kwa ine. Ndimakasalaza ndi sandipepa, ndimayendetsa chikhatho paliponse kufunafuna kaminga ka thabwa, kenako ndimakhalapo. Musaseke. Ndimakhalapo ndithu, ine ndi chithupi changa chonsechi, maondo kufika m'makutu. Akapitawo akuti kampando kakapirira ine, palibe mwana padziko lino angakathyole. Ndikadzuka ndimakatembenuza n'kulemba chizindikiro changa pansi pake ndi pensulo, kamtanda kokhala ndi mchira, kuti adziwe kuti kadutsa m'manja mwanga. Kuchoka apo kamapita kwa mnzanga wopaka vanishi, amene tonse timangowati a Vanishi. Iwowo amanditcha mwana wa sukulu. Akuti ine wolekezera kalasi yachinayi ndakhalira mipando ya sukulu yambiri kuposa ahedi ena alionse.

Masana dzuwa likalowera pa mazenera a m'mwamba, utuchi umangoyandama m'kuwalamo, osakwera osatsika. Timipando timakhala tili ndanda mpaka kukhoma, topanda munthu. Ndikakhala pa kamodzi nthawi zina ndimaiwala kudzuka. Ndimangoona shedi yonse yadzaza ana, ena akusongola mapensulo, ena akunong'onezana, ndipo pakati pawo pali wina sakukhazikika, akugwedeza miyendo. Nkhope yake sindiiona bwino. Ndimadzidzimuka akapitawo akukuwa kuti kodi ndagona.

Tsopano za sukulu. Mwatchula ziwiri: ya kuseri kwa chigayo, imene mwana angamapite wapansi, ndi ya m'tauni ya fizi ija achemwali anga amaitama, imene ikufuna kuti mwana azikakhala kwa iwo. Ine sindinena kanthu musanakaone nokha. Koma kaonedwe kake ndikuuzeni ndine, pakuti ntchito iyi ndikuidziwa. Penti ya kukhoma musaiyang'ane, suti ya ahedi musaiyang'ane. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukalowe m'kalasi ya ana aang'ono, mukatembenuze mpando, mukapitse dzanja pansi pa desiki. Pamwamba aliyense amasalaza, chifukwa mpomwe ogula amaona. Pansi mpomwe pamakhala maondo a mwana. Mukapeza misomali yotuluka, mudziwe kuti pamalopo palibe amene anawerama n'kuganiza za mwana.

Chachiwiri, mukamukhazike pampandopo muone ngati mapazi ake akugunda pansi. Mwana wolendewera miyendo samva za aphunzitsi, amangomva dzanzi.

Munditumizirenso kachingwe. Mumukhazike pa chidebe, mumuyeze kuyambira pa chidendene mpaka kuseri kwa bondo, mumange mfundo uku ndi uku. Ndikufuna kudziwa kuti wafika pati.

Kandalama ndatumizako mugule malata awiri a pakhonde paja pakudontha. Yotsalayo ndi yoyendera.

Ndine,
Bambo ake a Kachiwala


Lamlungu, 20 Epulo

Amake Kachiwala,

Moni nonse pakhomopo. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndipo khonde lasiya kudontha. Inenso ndili bwino. Chipinda chija ndinkakhala ndekha ndinachokamo, pano tikugona awiri ndi a Vanishi. Ndi munthu wabwino, kungoti chilichonse chawo, ngakhale tiyi, chimanunkha ntchito yawo.

Kachingwe kafika. Kuno timipando timasiyana misinkhu, ndipo timadziwika ndi penti ya kumapazi: tofiira n'tating'ono, tachikasu tapakati, tobiriwira ta ana osinkhukirapo. Nthawi ya buleki anzanga atatuluka ndinayenda nako kachingweko kuyeza. Mwana wathu ndi wa chikasu. Ine ndinkayesa akadali wa tofiira! Pano kachingweko kamakhala m'thumba la ovolosi, ndipo kampando kachikasu kalikonse ndimakasalaza kawiri.

Za ulendo wanu wa kuseri kwa chigayo ndaseka mpaka kutsokomola. Ndikuchita kukuonani mutagwada ndi diresi lanu la kutchalitchi, mutu uli pansi pa benchi, ana makumi asanu ndi atatu ali maso tong'o. Ndiye mwati aphunzitsi ake, mayi aja amayenda ndi ambulera ngakhale kunja kuli ngwee, sanakalipe. Anagwada nanu n'kufunsa kuti, "Mwataya chiyani mayi, tikuthandizeni kufuna?" Ha! Ndinawawerengera a Vanishi mzere umenewu, mpaka pano akandiona ndawerama amandifunsa chomwecho.

Zimene mwapeza pansipo ndazimva. Mabenchi ndi akale, ena omanga ndi waya. Koma misomali yonse yotuluka anaipinda n'kuikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo ana aafupi anawaikira njerwa zopondapo. Chilungamo ndinene, amene anaganiza zimenezo ukalipentala sanaphunzire, koma maso ali nawo. Mwatinso Kachiwala anakhala pa benchi, anaponda njerwa, anafunsa a Ambulerawo chifukwa chake choko chimalira pa bolodi, ndipo pobwerera munachita kumukoka. Ameneyo ndi mwana wanga ndithu, pakamwa sipatsekeka.

Komabe mtima wanga sunakhazikike. Mazenera opanda magalasi, ana makumi asanu ndi atatu pa mphunzitsi mmodzi, mbuzi zikusuzumira pakhomo. Sukulu imene ine ndinathawa inali yotero. Ndinabwerera chiyani kuno kudzameza utuchi ngati mwana wanga akayambire pomwe ine ndinagonjera?

Masiku ano ndikakhala pa kampando kachikasu ndimamuona ali m'kalasi ina, ya magalasi oyera, makatani akuuluzika pang'onopang'ono. Pakhoma pali mapu a dziko lonse. Wakweza dzanja, ndipo aphunzitsi akumudziwa dzina, sakumuti "iwe wa kumbuyoko". Sindikudziwa kuti kalasi imeneyi ndinaiona kuti, koma imabwera tsiku lililonse cha m'ma thuu koloko, makina akamalira mofanana kwa nthawi yaitali.

Pitani m'tauni mukaone inayo. Mukagone kwa alamu anu, muwatengere nkhuku imodzi. Ya mawanga ija musaipereke, imaikira bwino.

Ine wanu,
Bambo ake a Kachiwala


Lamlungu, 1 Juni

Amake Kachiwala,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndipo chimfine cha amayi chatha. Ine ndili bwino kuposa masiku onse, ndipo muona chifukwa chake.

Pepani kuti m'tauni anakuchitani chipongwe. Mwati munathera mu ofesi, mlembi wa ahedi anakuyang'anani kuyambira kumapazi, n'kukuuzani kuti makolo salowa m'makalasi, ndipo za kutembenuza mipando anachita kukufunsani kawiri ngati wamva bwino. Anangokupatsani kabuku ka zithunzi. Zinandiwawa, sindinama. Ndinali nditayamba kale kulemba kuti basi, anthu odzimva chotero tiwasiye. Kenako ndinatsegula kabukuko.

Amake mwana, tsegulani maso. Pa tsamba lachitatu pali chithunzi cha kalasi ya ana oyamba. Timipando timeneto n'tathu! Msana wokhota womwewu, kabowo kogwirira pamwamba, mapazi achikasu. Ndinathamanga nako kwa a Vanishi. Iwo anayang'ana n'kunena kuti, "Mwana wa sukulu, timipando totere amapanga paliponse, ngakhale galu wachikasu si wa munthu mmodzi." Asa! Munthu wongodziwa kupaka pamwamba angadziwe chiyani? Ine malole ndimawaona akutuluka pageti Lachisanu lililonse, ndipo alonda anandiuza kuti ena amaoloka malire. Amapita kuti ngati si kusukulu zoterezi?

Taganizani inu. Kampando kamene ine ndinakasalaza ndi manja angawa, ndinakhalapo, ndinakalemba kamtanda kanga, kakwera lole, kayenda masiku atatu m'misewu yomwe ine ndinadzera, kakafika m'kalasi n'kumadikira. Ndiye tsiku lina alowe mwana wa miyendo yosakhazikika, ayang'ane uku ndi uku, asankhe komweko. Zaka zitatu sindinamunyamule mwana ameneyu. Akakhala pamenepo ndiye kuti wakhala pamiyendo panga. Sabata yonseyi ndikugwira ntchito ngati ndikuyenda m'madzi ofunda, anthu akandilankhula ndikumva patali.

Ndipo pansi pa mipando imeneyo simufunikanso kupisapo dzanja, chifukwa ndinapisapo kale ndine. Ndiye nkhani yatha, Kachiwala apita m'tauni. M'mera mpoyamba.

Ndaona mzere uja mwalemba kumapeto mopendekera, kuti mwanayu amagonabe atagwira nsonga ya nsalu yanu. Ndikumva. Koma akupita kwa azakhali ake, si kwa mlendo. Achemwali anga analera ine, alephera kamwana kamodzi? Basi yopita m'tauni ndi ya maola anayi okha, muzikamuona pakutha pa mwezi.

Fizi yake ndi yokwera, ndaona. Imeneyo isiyireni ine, ndalankhula kale ndi akapitawo. Inu mukalembetse dzina msanga malo asanathe.

Wanu yemwe uja,
Bambo ake a Kachiwala


Lamlungu, 27 Julayi

Amake Kachiwala,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa mwana. Ine ndiliko. Sabata yatha ndinajomba masiku atatu, anandipititsa kuchipatala kukajambula pachifuwa, koma akuti ndizingovala chophimba kumphuno. Zimenezo zisakusokonezeni.

Kalata yanu yafika, ngati tingaitche kalata. Mizere isanu ndi umodzi! Moni, dzina mwalembetsa, yunifolomu mwayezetsa, mbuzi yaswa, tsalani bwino. Ine si mwana, amake Kachiwala, ndikudziwa kuti mukafupikitsa mawu ndiye kuti mwanyanyala. Ndipo mzere wotsirizawo, woti "inu mwasankha mpando, ife tikanasankha munthu", ndauwerenga ndipo wandipsetsa mtima tsiku lonse. Kodi ine ndikudya bwino kuno? Kodi ndikusewera? Mukufuna adzakule n'kumadzasalaza mipando ya ana a eni ake ngati ine?

Basi, ndaleka. Sindinatenge pepala kuti tikangane.

Pali china muyenera kudziwa. Disembala uno sindibwera monga tinapangana. Kuti fizi izituluka bwinobwino ndavomera kuwonjezera zaka ziwiri kuno. Ndinasayina mwezi watha, koma ndinkasowa poyambira kukuuzani. Zaka ziwiri si kanthu, taonani zitatuzi mmene zathamangira.

Nsapato ndatumiza ndi adalaivala, zakuda, za lamba. Ndagula zokulirapo, muikemo thonje kutsogolo. Kuno zinthu zakwera, nsapato za mwana mtengo wake ngati za munthu wamkulu. Muli sokosi zitatu ndi kachikwama ka kumsana. Pogula kachikwamako mayi wa m'sitolo anandifunsa kuti mwana wanu amakonda mtundu wanji. Ndatenga kobiriwira, mundiuze ngati ndalakwitsa.

Tsopano mawu awa mumuwerengere Kachiwala, pang'onopang'ono.

Iwe Kachiwala, ndine abambo ako. Kusukulu ukupitako ndakutumizirako mpando. Uli ndi mapazi achikasu. Mipando yotero iliko yambiri, koma wako uli ndi chizindikiro changa pansi pake, kamtanda kokhala ndi mchira, konga aka ndajambula apa. Ukakaupeza ukadziwe kuti ine ndinakhalapo poyamba, ndipo ndinakufunditsira malo. Ukamvere azakhali. Usakalire, ndiwe wamkulu.

Mwana wa mbuziyo musagulitse. Tiyeni timusungire mwini sukuluyu, adzamupeze pa holide.

Ndine wanu, ngakhale mwanyanyala,
Bambo ake a Kachiwala


Lamlungu, 14 Seputembala

Amake Kachiwala,

Moni. Muli bwanji inu ndi amayi? Ndinazolowera kufunsa anthu atatu, lero dzanja linafuna kulemba dzina lachitatu. Ine ndili bwino.

Lolemba lija sukulu inatsegulira ndinavala malaya oyera pansi pa ovolosi. A Vanishi anafunsa ngati ndikupita kukafunsira mbeta. Itakwana hafu seveni ndinasankha kampando kachikasu kosalala kuposa tonse, ndinakaika pamene pamagwa dzuwa, n'kukhalapo. Ndinatseka maso. Ndinamuona akutsika masitepe a kwa azakhali ake, nsapato zikumveka khwa khwa chifukwa n'zazikulu. Anadutsa pa okonza njinga, anadutsa pa mayi wogulitsa nthochi, analowa pageti. Belu linalira. Ana onse anathamangira mipando, iye yekha anayenda pang'onopang'ono, akugwira uwu, akugwira uwo, mpaka anaima pa umodzi. Atakhala, ine kuno ndinamva kulemera pamiyendo panga. Ndikulumbira, amake mwana, ndinamva kulemera kwake, ndi fungo la sopo m'mutu mwake. Akapitawo anandipeza ndikumwetulira ndekha, anangopukusa mutu n'kudutsa.

Mwandiuza za ulendo wanu wokamusiya. Mwati m'basi monse ankalongolola, kuwerenga mitengo ya magetsi, kufunsa kondakitala ngati basi imagona. Koma mutafika, ataona mukumanga chikwama chanu chokha, anangoti zii. Sanalire. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo n'kunena kuti, "Muyende bwino, mukapereke moni kwa onse." Mwaona? Ndinanena ine kuti ndi wamkulu. Inu mwalemba kuti bola akanalira. Pamenepo sindikukumvetsani.

Za kunyumbako, kuti mukumatulutsa mbale zitatu mwaiwala, ndi kuti pabwalo pangoti zii mpaka nkhuku zikulowa m'nyumba mopanda woziingitsa, zizolowereka. Inenso miyezi yoyamba kuno ndinkadzuka n'kufunafuna khomo kumene kulibe khomo. Munthu amazolowera chilichonse.

Mwatinso a Ambulera anakuimitsani pa chigayo kufunsa kuti kamtsikana ka mafunso kaja kali kuti, njerwa yake anaisunga. Muwathokoze, muwauze kuti apatse wina.

Mukapita kumapeto kwa mwezi mukamufunse ngati waupeza mpando uja. Mundilembere msanga, ndikudikira.

Wanu,
Bambo ake a Kachiwala


Lamlungu, 2 Novembala

Amake Kachiwala,

Moni. Kodi muli moyo kumeneko? Basi yabwera kasanu, ine kasanu ndaima pa depoti, adalaivala amangotambasula manja. Ngati mukudwala nenani. Ngati ndi mkwiyo, nawonso nenani. Ine ndikudzuka, kungoti masitepe a kuchipinda kwathu masiku ano ndimapumira pakati.

Kalata imene ndalandira ndi ya achemwali. Mwina nkhaniyi mukuidziwa kale, koma ndilembe ndithu.

Akuti sabata yoyamba yomwe Kachiwala anayamba kukwawa pansi pa mipando. Aphunzitsi akatembenukira ku bolodi, iye ali pansi. Anamukalipira, anamuimika kukhoma, sizinathandize. Nthawi ya buleki anzake akamadya panja, iye ankatsala m'kalasi n'kumatembenuza mipando umodziumodzi. Atamaliza ya m'kalasi mwake analowa m'kalasi ina, kenako inanso. Tsiku lina anamupeza atagadabuza kalasi yonse ya ana akuluakulu, mipando makumi atatu miyendo ili m'mwamba. Atamufunsa anangoti, "Ndikufuna wa abambo anga." Ahedi anaitanitsa achemwali. Mukuwadziwa achemwali anga pa nkhani ya manyazi. Alemba kuti, "Achimwene, mwandivula pamaso pa anthu ophunzira. Mwanayu ndamulanga, ndipo inu musiye kumuuza nthano."

Alembanso china. Akuti ahedi anatembenuza mpando umodzi kuti nkhani ithe, n'kuwaonetsa chidindo cha amene anapanga. Ndi kalipentala wa m'tauni momwemo, kuseri kwa msika. Mipando yonse ya pasukulupo ndi yake.

Ndinawaonetsa a Vanishi kalatayo kuti andiseke, mwina ndikanapepukidwa. Sanaseke. Anangondithirira tiyi.

Kumapeto achemwali akuti ndisade nkhawa, zonse zili bwino tsopano. Akuti mwana wasintha, aphunzitsi akumuyamikira, amakhala phee pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, safunsafunsa, kunyumba akangodya amakakhala pa bedi. Akuti wakhazikika. Amake mwana, mawu amenewa ndawatembenuza mbali zonse. Dzina lija tinamupatsa chifukwa chiyani? Mwana uja ankadya ataimirira mwendo umodzi?

Masiku ano masana sindikuonanso kalasi ya makatani ija. Ndikakhala pa kampando ndikungoona timipando, ndi utuchi. Dzulo ndinagwira pensulo kuti ndilembe kamtanda, dzanja linakana, mpaka akapitawo anabweza timipando tisanu kuti sitinayesedwe.

Ndinalakwa pa za mpando, ndavomera. Komabe sukulu ndi yabwino, magalasi alipo, mabuku alipo, fizi ya chaka tinapereka. Mwina apirire amalize chaka, kenako tidzaone. Kapena inu mukuti bwanji? Ndikufunsa zenizeni. Ndiyankheni, ngakhale mizere isanu ndi umodzi.

Ine,
Bambo ake a Kachiwala


Lachitatu, 12 Novembala

Amake Kachiwala,

Moni. Za moyo wanga lero sindilemba. Ndikulemba nthawi ya buleki, pepala lili pa bondo, kuti kalatayi ikwere basi ya madzulo ano.

Yanu ndalandira m'mawa uno. Simunandinyoze ngakhale mzere umodzi, ndipo bola mukanandinyoza. Mwangolemba zimene munaona.

Mwati munamupeza atakhala pa bedi, yunifolomu atapinda yekha. Zovala zake sanaziike m'kabati imene azakhali ake anamupatsa, zonse zili m'chikwama, chikwamacho chili chotseka pansi pa bedi. Anakupatsani moni wa manja awiri ngati mlendo. Anafunsa za agogo ake, za mbuzi, za denga ngati likudonthanso. Kenako anakupatsani mabisiketi anayi amene ankasunga pa chakudya cha kusukulu, akuti mukagawane kunyumba. Ndipo pokuperekezani pageti anakukokani nsalu n'kufunsa motsitsa mawu kuti azakhali asamve: "Amayi, nanga ine kontirakiti yanga itha liti?"

Mawu amenewo sanawaphunzire kusukulu. Zaka zitatu wakhala akufunsa kuti abambo abwera liti, inu n'kumamuyankha zimene ine ndinkakuuzani, kuti kontirakiti ikatha. Ndiye iye waona kuti pakhomo pathu munthu akakula amapatsidwa chikwama, amakwera basi, amakakhala kwa eni ake, salira, amatumiza kangachepe kunyumba. Akuyesa tamutumiza ku ntchito. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, amake mwana! Ndipo akuigwira bwino ntchitoyo, monga ndinamuuzira ine.

Ndalira pamaso pa amuna anzanga, ndipo manyazi ndilibe.

Mukamutenge. Musadikire kuti teremu ithe, musadikire kutha kwa mwezi. Kalatayi ikafika m'mawa, masana mukhale muli m'basi. Fizi ipite, si munthu. Achemwali akakalipa muwauze kuti alembere ine, mlandu ndi wanga. Mukafika naye kunyumba musamufulumize. Adumphe, alongolole, aswe mbale ngati akufuna. Akadzayambanso kufunsa mafunso ake aja, mudzamuperekeze kuseri kwa chigayo, inuyo mudzalankhule ndi aphunzitsi. Pa nkhani ya sukulu ine ndatseka pakamwa, muziona ndinu amene muli naye pafupi.

Pomutenga musangoti tiye kwathu, angayese wachotsedwa chifukwa cholakwa. Mukagwade, mukamuyang'ane m'maso, mukamuuze kuti abambo ako akuti kontirakiti yako yatha, wagwira bwino, palibenso ina.

Akafunsa za yanga, musamuuzenso kuti posachedwa. Mumuuze zoona, kuti zaka ziwiri, ndipo palibe anandikakamiza, ndinasayina ndekha.

Ndine,
Bambo ake a Kachiwala